Kusankha sikopu yotsika mtengo yowombera chandamale

Musanafunse mtengo wa sikopu, chipangizo cha magalasi chomangirira pamfuti chokulitsa chandamale, dziwani kaye mtunda umene mumawombera ndi mfuti imene sikopuyo ikakhalepo. Manambala akuluakulu a pabokosi asakutengeni mtima.

Sikopu yolembedwa 3-9x40 imakulitsa chandamale kuyambira katatu mpaka ka 9, ndipo galasi lake lakutsogolo ndi la mamilimita 40. Pa mfuti ya .22 kapena ya mpweya, powombera mamita 25 mpaka 100, imeneyi kapena ya 4-12x40 ndi yokwanira. Ya 6-24x50 ya mtengo womwewo imaoneka yapamwamba, koma wopanga amakhala atachepetsa ubwino wa magalasi kuti mtengo usakwere. Mukaifikitsa pa 24, chithunzi chimada n'kuchita mbuu. Gawani 50 ndi 24, mupeza kuti kuwala kofika m'diso ndi kadontho ka mamilimita awiri okha, moti mutu ukangosuntha pang'ono mumaona mdima. Ya 3-9x40, ngakhale ili pa 9, kadonthoko kamaposa mamilimita anayi.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi parallax, kusuntha kwa kamtanda kolozera ka m'sikopu pa chandamale diso likasuntha. Masikopu ambiri a mfuti zikuluzikulu amawatchereratu ku fakitale pa mayadi 100, omwe ndi mamita pafupifupi 91. Mukawombera pa mamita 25 ndi sikopu yotere, kamtanda ka m'kati kamayendayenda pa chandamale diso likasuntha, zipolopolo n'kumamwazikana chikhalirecho dzanja silinanjenjemere. Poyesa, khazikani mfuti pa thumba la mchenga, isiyeni osaigwira, muzisuntha mutu pang'onopang'ono uku mukusuzumira. Kamtanda kakachoka pamene kanaloza, vuto ndi limenelo. N'chifukwa chake ndi bwino kugula yolembedwa AO (yotchereka parallax pa galasi lakutsogolo), kapena ya kagudumu kotcherera parallax kumanzere, yotha kutsika mpaka mamita 10. Kamtanda kowala ndi batire kasiyeni; masana pa chandamale cha pepala, ndi ndalama zongotaya.

Ngati mfuti yanu ndi ya mpweya ya sipuling'i, samalani kwambiri. Imeneyi imagwedezeka kawiri, m'mbuyo kenako kutsogolo, ndipo imatha kumasula magalasi m'sikopu imene ingapirire bwinobwino mfuti yaikulu. Wopanga anene yekha kuti sikopuyo ndi yoyenera mfuti zotere.

Timagudumu tiwiri tosinthira, kapamwamba ndi kakumanja, tizilira momveka, kiliki imodziimodzi, osati kuzungulira phwetephwete. Kukula kwa kiliki amakuyeza mu MOA kapena mil: pa sikopu ya 1/4 MOA, kiliki imodzi imasuntha pogwera chipolopolo ndi mamilimita pafupifupi 7 pa mamita 100, ya 0.1 mil imasuntha sentimita imodzi. Mukangogula, iyeseni nthawi yobwezera isanathe. Pa mamita 50, wombani zipolopolo zitatu, zungulitsani makiliki 16 kumanja n'kuwombanso zitatu, kenako 16 m'mwamba, 16 kumanzere, 16 pansi, mukuloza malo amodzimodzi nthawi zonse. Pa ya 1/4 MOA mabowo apange bokosi la masentimita pafupifupi 6 mbali iliyonse, ndipo atatu omaliza agwere pa oyamba aja. Akaphonya, ibwezeni, chifukwa sikopu yosabwerera pamalo pake siikonzeka.

Sungani ndalama zina za mphete zomangira, pakuti mphete zofooka zimachititsa sikopu yabwino kuoneka yachabechabe. Thupi la sikopu limakhala la inchi imodzi, yomwe ndi mamilimita 25.4, kapena la mamilimita 30, ndipo mphete zifanane nalo. Pansi pake zigwirizane ndi kanjanji ka pamfuti: ka mamilimita 11 kamene kamapezeka pa mfuti zambiri za mpweya ndi za .22, kapena Picatinny ya mamilimita pafupifupi 21. Pa mfuti ya sipuling'i, mphete zikhale ndi kamsomali kolowa m'bowo la pakanjanji, apo ayi sikopu imasendera m'mbuyo tsiku ndi tsiku.

Pomanga, onetsetsani kaye kuti m'mfuti mulibe chipolopolo. Ikani sikopu pa nambala yake yokulitsa kwambiri, ikani mfuti paphewa monga mumawombera, n'kusendeza sikopuyo mpaka chithunzi chidzaze popanda mdima m'mbali. Pa mfuti yokankha kwambiri, pakati pa diso ndi galasi pakhale masentimita 8 mpaka 10, kuopa kuti ingakutemeni pachikope. Masikuluwu mangani mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, mpaka mlingo umene wopanga mphete wanena, kawirikawiri pafupifupi 2 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira sikuluwu). Mukapyola pamenepo thupi la sikopu limafinyika, ndipo za m'kati zimayamba kugwira.