Mmene mungaphunzirire computer vision potsata anthu amene analemba khodi yake

Achinyamata ambiri amene amandifunsa za computer vision, luso lophunzitsa kompyuta kuzindikira zinthu pa zithunzi, amafuna kuyambira pa YOLO, pulogalamu yopeza zinthu pa chithunzi n'kuzizunguliza mabokosi, chifukwa anaona kanema pa YouTube wa magalimoto akudutsa pamsewu, iliyonse ili m'kabokosi kake. Ine ndimawauza kuti YOLO ibwera kumapeto. Mutenge kaye munthu mmodzi amene analemba pulogalamu yodziwika, mudziwe vuto limene linkamusowetsa tulo, muyendetse khodi yakeyo pa zithunzi zanu, muone pamene ikulephera. Kawirikawiri polepherapo ndi pamene munthu wotsatira anayambira ntchito yake. Zofunika n'zochepa: laputopu iliyonse imene ikuyaka, Python, foni ya kamera ndi bandulo ya apo ndi apo.

Musanaike pulogalamu iliyonse, tulukani panja mukajambule. Nkhope za abale ndi anzanu amene avomera, zina masana, zina madzulo, zina munthu atafulatira dzuwa. Mbuzi, nkhuku, njinga ya kabaza itanyamula thumba la makala, masamba a chinangwa, pepala limene mwalembapo manambala ndi bolopeni. Zithunzi 50 zikukwana poyambira. Ziikeni mufoda imodzi ndipo musazikongoletse, chifukwa zonse zimene tichite tiziyesa pa zithunzi zomwezi.

Munthu woyamba ndi Gary Bradski. Mu 1999 ali ku Intel anayambitsa OpenCV, laibulale ya khodi yogwirira ntchito pa zithunzi, kuti ofufuza asiye kulemba zinthu zomwezomwezo aliyense payekha, ndipo inatulutsidwa koyamba mu 2000. Khodi yambiri inalembedwa ndi gulu la ku Nizhny Novgorod ku Russia, kumene kunali Vadim Pisarevsky, munthu amene satchulidwa kwenikweni koma wasamalira OpenCV kwa zaka zoposa 20. Lembani `pip install opencv-python`, kenaka tsegulani chithunzi chimodzi ndi `cv2.imread` n'kusindikiza `shape` yake. Muona manambala atatu: kutalika, mulifupi, ndi 3 amene akuimira mitundu. Sindikizaninso kachigawo kakang'ono ka chithunzicho. Ndi manambala okhaokha, kuyambira 0 kufika 255. Musafulumire kuchoka pamenepa, chifukwa kompyuta siiona mbuzi, imaona manambalawa basi.

Pali misampha iwiri imene imakola aliyense. OpenCV imasanja mitundu ngati BGR (buluu, girini, kufiira) osati RGB (kufiira, girini, buluu), ndiye mukaonetsa chithunzi ndi matplotlib nkhope zimatuluka zabuluu, mpaka mutazitembenuza ndi `cv2.cvtColor`. Wachiwiri ndi wopweteka kwambiri: mukalakwitsa dzina la fayilo, `imread` imangobweza `None`, pulogalamu n'kudzagwa patsogolo ndi uthenga wosagwirizana ndi vuto lenilenilo.

Muli momwemo yesani `cv2.Canny(chithunzi, 100, 200)`. Ndi njira yopezera m'mphepete mwa zinthu imene John Canny anafalitsa mu 1986. Sinthani manambala awiriwo, muone udzu ukudzaza chithunzi chonse kapena mbuzi ikusowa miyendo. Palibe manambala amene angakwanire zithunzi zanu zonse 50, ndipo n'chifukwa chake anthu anayamba kufuna kuti kompyuta iziphunzira yokha. Za David Lowe wa ku University of British Columbia ndi SIFT yake, njira yopezera madontho ofanana pa zithunzi ziwiri, mungodutsapo tsiku limodzi: jambulani chikwangwani chimodzi kuchokera mbali ziwiri, muone ikulumikiza madontho ofanana. Patenti yake inatha mu 2020, ndiye `cv2.SIFT_create()` ilimo kale mu OpenCV ya masiku ano.

Pa Paul Viola ndi Michael Jones pokha musathamange. Mu 2001 anaonetsa njira yopezera nkhope pa zithunzi 15 pa sekondi, pa kompyuta ya Pentium III ya 700 MHz, makina ochepa mphamvu kuposa foni ili m'thumba mwanumo. Pulogalamu yawo imayendetsa kawindo kakang'ono pa chithunzi chonse, n'kumafunsa mafunso osavuta, monga ngati pamaso pali podera kuposa pamasaya. Mafunsowo amaikidwa m'magawo otsatizana ngati sefa ya ufa: gawo loyamba limataya msanga malo ambiri amene mwachionekere si nkhope, ndipo otsala ochepa okha ndi amene amafika pa mafunso ovuta. Liwiro lake likuchokera pamenepo. Mu OpenCV fayilo yake ndi `haarcascade_frontalface_default.xml`, ili mu `cv2.data.haarcascades`. Sandutsani chithunzi kukhala chopanda mitundu, itanani `detectMultiScale` ndi 1.1 ndi 5, mujambule mabokosi.

Tsopano tengani kope muwerenge. Nkhope zingati yapeza, zingati yaphonya, ndipo ndi kangati yaika bokosi pa khoma la njerwa kapena pa chitenje. Mupeza kuti nkhope yopendekeka imaiphonya, komanso munthu wakuda amene wafulatira dzuwa amasowa. Yesani `cv2.equalizeHist`, imene imakonza kuwala kwa chithunzi, muwerengenso. Kuwerenga kumeneku ndi kumene kunatchukitsa Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru. Pa kafukufuku amene anafalitsa mu 2018 anasonkhanitsa nkhope 1,270 za aphungu a nyumba za malamulo za ku Rwanda, Senegal, South Africa, Iceland, Finland ndi Sweden, n'kuyesa mapulogalamu amalonda a IBM, Microsoft ndi Face++ ozindikira ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Kwa amuna oyera khungu kulakwitsa sikunapose 0.8 peresenti. Kwa akazi akuda kunafika 34.7 peresenti. Mapulogalamuwo sanali a Viola ndi Jones, koma njira yoyesera mungaitengere ndithu: gawani zithunzi zanu m'magulu, gulu lililonse likhale ndi nambala yakeyake. Nambala imodzi ya zonse pamodzi imabisa anthu amene pulogalamu ikuwalakwira, ndipo nthawi zambiri anthuwo amaoneka ngati ifeyo.

Yann LeCun abwere pambuyo pake, ngakhale ntchito yake ndi yakale. Ku Bell Labs iye ndi anzake anapanga neural network, pulogalamu imene imaphunzira kuchokera pa zitsanzo, yowerenga manambala olembedwa pamanja, imene inagwiritsidwa ntchito powerenga macheke a m'mabanki ku America. Network yawo ya LeNet-5 inafalitsidwa mu 1998, ndipo mulu wa zithunzi wa MNIST uli ndi manambala 60,000 ophunzitsira ndi 10,000 oyesera, kachithunzi kalikonse ka 28 mulitali ndi 28 mulifupi. Kuutsitsa ndi pafupifupi 11 MB. LeNet-5 ndi network yokhayo imene ndimaumirira kuti muilembe ndi zala zanu mu PyTorch, laibulale ya Python yolembera ma neural network, mzere ndi mzere, osakopera. Imaphunzira m'mphindi zochepa pa laputopu yopanda GPU (khadi lofulumizitsa masamu a zithunzi), ndipo kukhoza kupitirira 98 peresenti sikovuta. Mukafika pamenepo ipatseni manambala a papepala lanu aja. Ilephera mochititsa manyazi, ndiye mufufuze chifukwa. MNIST ili ndi manambala oyera pa malo akuda, pamene pepala lanu ndi loyera, inki ndiyo yakuda. Tembenuzani mitundu, dulani nambala ikhale pakati, muyesenso. Otsala olakwika muwayang'ane mmodzimmodzi, makamaka 7 wodula pakati ndi 1 wa chipewa, chifukwa amene analemba MNIST anali antchito a ofesi ya kalembera ndi ana a sekondale a ku America, kalembedwe kawo n'kawo.

Fei-Fei Li anaona kuti chosowa chinali zithunzi, osati nzeru za masamu zokha. Iye, Jia Deng ndi anzawo anaonetsa mulu waukulu wa zithunzi wotchedwa ImageNet mu 2009, ndipo mayina a zinthu pa zithunzizo analembedwa ndi anthu aganyu a pa Amazon Mechanical Turk. Mpikisano wake unali ndi magulu 1,000 ndi zithunzi zophunzitsira pafupifupi 1.2 miliyoni. Mu 2012 Alex Krizhevsky, wophunzira wa Geoffrey Hinton ku Toronto, pamodzi ndi Ilya Sutskever, anapambana ndi kulakwitsa kwa 15.3 peresenti pamene wachiwiri anali pa 26.2. Krizhevsky analemba yekha khodi ya CUDA, yoyenda pa GPU, n'kuphunzitsa network yake pa makadi awiri a GTX 580, amene anthu ankagula kuti azisewerera magemu. Apa musatsitse chilichonse: ImageNet imaposa 100 GB, bandulo yanu siingafike. Werengani pepala lawo la 2012, ndi lalifupi komanso lomveka, ndipo pambali pake tsegulani manotsi a CS231n a ku Stanford amene Andrej Karpathy anayamba kulemba, aulere pa intaneti. Karpathy yemweyo anadziyesa yekha pa zithunzi za ImageNet mu 2014 napeza kuti amalakwitsa 5.1 peresenti. Chinamuvuta kwambiri ndi agalu, popeza mwa magulu 1,000 aja pafupifupi 120 ndi mitundu ya agalu. Nsima mulibemo.

Ntchito yeniyeni iyambira pa Kaiming He. Mu 2015, ku Microsoft Research ku Beijing, iye ndi Xiangyu Zhang, Shaoqing Ren ndi Jian Sun anathetsa vuto lakuti network ikatalika kwambiri imayamba kuphunzira moipa. Anawonjezera kanjira kachidule: zimene zalowa m'gawo zimaphatikizidwa ndi zimene zatuluka. Network yawo ya ResNet inafika magawo 152, ndipo ma ResNet angapo ataphatikizidwa pamodzi anatsitsa kulakwitsa pa ImageNet kufika 3.57 peresenti. Tsegulani `resnet.py` ya torchvision mufufuze mzere wakuti `out += identity`. Maganizo onsewo ali pamzere umenewo.

Simukuyenera kuiphunzitsa kuyambira pachiyambi. Ross Wightman anasonkhanitsa mamodelo mazanamazana, kutanthauza ma network ophunzitsidwa kale, mu laibulale yake ya timm, ndipo `timm.create_model('resnet18', pretrained=True, num_classes=5)` ikupatsani ResNet yaing'ono yokonzeka kuphunzira magulu asanu anu. Magulu asanuwo muwatenge ku Uganda. Ofufuza a ku Makerere University anaika pa Kaggle, tsamba la pa intaneti la mipikisano yophunzitsa mamodelo, mu 2020 zithunzi 21,367 za chinangwa, zambiri zojambulidwa ndi alimi m'minda mwawo, zogawidwa m'matenda anayi ndi masamba abwinobwino. Khate la chinangwa ndi brown streak zilimo, matenda omwewo amene alimi a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota amalimbana nawo. Gwirirani ntchito pa notebook ya Kaggle pomwepo: zithunzi zili kale kumeneko, GPU ndi yaulere kwa maola angapo pa sabata, ndipo mukasankha Save and Run All imapitiriza yokha ngakhale magetsi azime kwanu.

Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Zithunzi zoposa theka m'mulu umenewu ndi za khate, ndiye modelo imene ikungoyankha kuti khate nthawi zonse ioneka ngati yakhoza. Muziyang'ana confusion matrix, tebulo loonetsa zimene modelo yakhoza ndi zimene yasokoneza, gulu ndi gulu. Ndipo mukadzawonjezera zithunzi zanu, musagawe mwachisawawa. Ngati tsamba limodzi munalijambula kasanu, zithunzi zitatu n'kupita kophunzitsira, ziwiri koyesera, modelo ingoloweza tsambalo ndi dothi la kuseri kwake. Gawani potengera munda kapena tsiku: munda wa kwa agogo wophunzitsira, wa kutsidya kwa mtsinje woyesera.

Tsopano YOLO. Joseph Redmon, ali wophunzira ku University of Washington pansi pa Ali Farhadi, anaitulutsa mu 2015. Njira za nthawiyo, monga R-CNN ya Ross Girshick, zinkasankha kaye malo ambiri pa chithunzi n'kumayesa amodziamodzi. YOLO imayang'ana chithunzi kamodzi n'kutulutsa mabokosi ndi mayina nthawi yomweyo. Redmon analemba Darknet, khodi imene YOLO imayenderamo, mu C, ndipo kwa ine ndi khodi yoyenera kuiwerenga kuposa ina iliyonse pano, chifukwa palibe chobisika kuseri kwa laibulale ina. Tsegulani `convolutional_layer.c` muyerekeze ndi LeNet yanu ija. Mu February 2020 Redmon analengeza kuti wasiya kafukufuku wa computer vision chifukwa chodera nkhawa kagwiritsidwe ntchito kake pa zankhondo ndi posokoneza chinsinsi cha anthu. Alexey Bochkovskiy anapitiriza Darknet natulutsa YOLOv4 mu April chaka chomwecho, ndipo Glenn Jocher wa Ultralytics anatulutsa YOLOv5 mu PyTorch patangopita miyezi iwiri.

Poyesera, `pip install ultralytics` ndiyo yachangu, ndipo modelo yaing'ono ya `yolov8n.pt` ndi pafupifupi 6 MB. Ilozetseni pa foda yanu. Njinga iipeza, munthu imupeza, nkhuku iitcha mbalame, thumba la makala silioneka. Mbuzi iitcha nkhosa, galu kapena ng'ombe, chifukwa inaphunzira pa COCO, mulu wa magulu 80 amene muli njovu, mbidzi ndi nyamalikiti koma mbuzi mulibe. Kuti iidziwe, jambulani mbuzi mazana angapo, zakuda, zoyera, zogona, zobisika theka kuseri kwa khola, muzizungulize mabokosi ndi CVAT kapena Label Studio. Fayilo ya chithunzi chilichonse imakhala ndi mzere umodzi pa mbuzi iliyonse: nambala ya gulu, kenaka pakati pa bokosi, mulifupi ndi kutalika, miyeso ya bokosiyi ili pakati pa 0 ndi 1. Ikanimonso zithunzi zopanda mbuzi, makamaka za agalu ndi nkhosa.

Musanapereke ntchitoyo kwa kasitomala, werengani layisensi. OpenCV ndi timm zili pa Apache 2.0, mungazigwiritse ntchito pa malonda momasuka. Ultralytics ili pa AGPL-3.0, kutanthauza kuti mukaiika m'pulogalamu imene mukugawa kapena imene anthu akuigwiritsa ntchito pa intaneti, muyenera kutsegula khodi yanu kapena kugula layisensi ya malonda kwa eni ake. Ngati zonsezo simungathe, YOLOX ya Megvii ili pa Apache 2.0, ndipo mabokosi amene munajambula aja mungowasintha kalembedwe kuti akhale a COCO, osajambulanso.