Kapeti wa m'galimoto akanyowa, yambani mwayang'ana kudenga

Galimoto yanga yoyamba kuno ku Britain inali ndi sunroof, kawindo kagalasi kotsegula kudenga la galimoto, ndipo m'chilimwe ndinkayenda nayo monyadira. Itakwana November, kapeti wa kumapazi a mpando wakutsogolo anayamba kunyowa, magalasi n'kumachita nthunzi m'mawa uliwonse, mkati n'kumanunkha ngati thaulo loiwalika m'ndowa. Makanika wina anati labala wozungulira sunroof watha, ndigule watsopano. Ndinagula, koma madzi sanasiye kulowa.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti sunroof sinapangidwe kuti itsekereze madzi onse. Labala amatchinga ochuluka, koma ena amadutsa n'kugwera m'kangalande kozungulira pansi pa galasi. M'makona mwake muli timabowo, kawirikawiri tinayi, ndipo kabowo kalikonse kali ndi kapaipi kake. Tiwiri takutsogolo timatsika m'zipilala za m'mbali mwa galasi lalikulu n'kukatulukira cha kuseri kwa matayala akutsogolo kapena pafupi ndi mahinji a zitseko. Tina tiwiri timatulukira kumbuyo. Kapaipi kakatsekeka, madzi amasefukira, n'kutsata chipilala mpaka pansi pa kapeti, monga zimachitira ngalande za m'tauni kwathu zikadzaza mapulasitiki.

Kunoko ambiri timaimika galimoto mumsewu, pansi pa mitengo. Mu October ndi November masamba amayoyoka, n'kuwolerana ndi fumbi ndi ndere, n'kusanduka phala lakuda lomata timabowo tija. Abale a ku Pretoria ndi ku Johannesburg, zanu ndi maluwa a jacaranda, amene amagwa mvula ya mabingu itangoyamba kumene.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Imikani galimoto pamalo osapendekeka, tsegulani sunroof yonse, chotsani zinyalala ndi kansalu konyowa. Kenako thirani kapu imodzi ya madzi pang'onopang'ono pakona imodzi, mnzanu atagwada pafupi ndi tayala. Madzi akatulukira pansi msanga, kumeneko kuli bwino. Akangoima pamwamba, mwapeza vuto.

Potsegula gwiritsani ntchito chingwe cha pulasitiki cha makina otchetchera udzu, cha mamilimita 2 kapena kuposa pang'ono. Chilowetseni mofatsa, mukuchizunguza, ndipo chikakana musachikakamize. Waya wa hang'ala ayi ndithu, amaboola kapaipi. Mpweya wamphamvu wa kompuresa nawo umatha kuzula kapaipi pamene kanalumikizidwa, ndiye kuti mukukamasula denga lonse lamkati, ntchito ya ndalama zambiri. Pagalimoto zina kumapeto kwa kapaipi kuli kamlomo ka labala kopanikizika. Kafinyeni ndi zala, matope amatuluka okha. Labala wa pamwamba mum'pake girisi wotchedwa silicone grease, osati Vaseline, amene amaononga labala. Ndipo kukachita chisanu mpaka madzi kuundana, sunroof isiyeni yotseka.

Kapeti wonyowa musamulekerere. Pansi pake pali siponji yokhuthala yosunga madzi kwa milungu, ndipo m'galimoto zambiri mmenemo ndi modutsa mawaya. Akadyeka ndi dzimbiri, maloko ndi mawindo amayamba kuchita zawozawo. Tukulani kapetiyo, finyani ndi mathaulo, aume mpaka mkati.

Mukamagula galimoto yakale pa Facebook kapena Auto Trader, tsamba la pa intaneti logulitsirapo galimoto, musakhutire ndi pepala la MOT, losonyeza kuti galimoto inayesedwa ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, poti oyesa aja sayang'ana timapaipi timeneti. Chotsani timphasa ta kumapazi, mukanikize kapeti ndi chikhatho, muyang'anenso mmene mumakhala tayala la sipeya. Ine masiku ano ndimapita ndi botolo la madzi, n'kupempha mwini wake kuti tithire limodzi.