Malangizo a Kabyalidwe ndi Kasamalidwe ka Duwa la Clivia

Clivia miniata ndi comera cimene cimakhala zaka zambiri osafuna kubyalidwanso, ndipo kwao ndi m'nkhalango za ku South Africa ndi Eswatini, kumene cimamera pansi pa mitengo ikuluikulu. Cimatalika masentimita 45 mpaka 60, masamba ake amakhala obiriwira caka conse, ndipo maluwa ake, a mtundu wa lalanje, amamasula kuyambira mu Ogasiti mpaka Okutobala.

Sankhani malo a mthunzi, monga pansi pa mtengo wa mango kapena pakhonde. Dzuwa la m'mamawa silivuta, koma la masana limawaula masamba n'kusiya zipsera zosapola. Mthunzi wa jakaranda musaudalire, cifukwa mtengowu umayoyola masamba m'cilimwe, moti pamene dzuwa la Seputembala lafika poipa, clivia amakhala ali poyera.

Mizu ya clivia ndi yonenepa, yoyera, yosunga madzi, ndipo m'nkhalango imayanga m'masamba owola a pamwamba m'malo molowa pansi kwambiri. Motero imafuna dothi lotakasuka, limene madzi amadutsamo msanga. Kuti mudziwe ngati malo anu ali otero, kumbani dzenje lakuya masentimita 30, mudzazemo madzi. Ngati patapita maola angapo madziwo akadali cikhalire, umbani mtumbira kapena byalani mumphika woboola pansi. Sakanizani dothi ndi manyowa a masamba owola bwino, mcenga wa kumtsinje, komanso makungwa a paini ophwanyaphwanya ngati mungawapeze. Siyani mpata wa masentimita 40 mpaka 50 pakati pa zomera, ndipo khosi, pamene masamba amakumana ndi mizu, lisakwiririke.

Pa nkhani ya madzi ndi pamene ambiri amaphera duwali. M'nyengo yotentha thirirani kamodzi pa sabata, dothi la pamwamba litayamba lauma, ndipo m'dzinja mvula yokha ndi yokwanira. Kuyambira mu Meyi mpaka Julayi cepetsani madzi kwambiri, cifukwa comeraci cimafunika kupuma pa malo ozizira ndi ouma kuti cikonze maluwa. Cikamathiriridwa mosalekeza cimangoculutsa masamba, mizu n'kuyamba kuwola. Ngati muli ndi wanchito amene amathirira kapinga ndi paipi tsiku lililonse, muuzeni momveka kuti bedi la clivia azilidumpha. Madzi a m'zitsime zambiri za mu Lusaka ali ndi laimu, conco amene angathe asunge a mvula.

Thirani feteleza pang'ono maluwa akatha, makamaka wokhala ndi potaziyamu wokwanira. Urea wa cimanga ndi manyowa a nkhuku osawola zimapsereza mizu.

Mdani wamkulu ndi mbozi yakuda ya mawanga acikasu, Brithys crini, imene imaboola tsamba n'kutsetsereka mkati mpaka pamtima pa comera. M'dzinja muzitembenuza masamba kawirikawiri, muphwanye mazira amene amaunjikana kunsi kwake, ndipo tsamba lililonse looneka lamadzimadzi mkati mulidule n'kuliwononga. Nkhono muzizitola madzulo.

Clivia amacita bwino akathinana, motero musathamangire kumusamutsa. Gawani phata patapita zaka 4 kapena 5, maluwa atatha, posankha mphukira za masamba osacepera 4 zokhala ndi mizu yakeyake. Mbewu nazo zimamera, koma zipatso zimatenga pafupifupi caka kuti zipse, ndipo maluwa oyamba amabwera patatha zaka 4 kapena 5.

Cenjezo: mbali zonse za comeraci zili ndi poizoni wa lycorine, amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Zipatso zake zofiira zimakopa ana, conco zidulani zisanapse ngati simukufuna mbewu, ndipo agalu ndi amphaka asatafune masamba. Sambani m'manja mukatha kugawa phata. Mwana akameza mbali iliyonse, pitani naye kucipatala msanga mutatenga tsamba la comeraci kuti adokotala alione.