Zoyenera kuchita galimoto ikayamba kuthamanga yokha

Pa 28 Ogasiti 2009, pafupi ndi mzinda wa San Diego ku California, wapolisi wa pamsewu amene tsikulo sanali pa ntchito ankayendetsa Lexus ES 350 yongobwerekedwa, popeza yake inali kugalaja. Galimotoyo inayamba kuthamanga mosaimika mpaka kupitirira makilomita 160 pa ola, ndipo iye, mkazi wake, mwana wawo ndi mlamu wake anafera pa ngoziyo. Ofufuza anapeza kuti kapeti ya labala imene inayalidwa kumapazi a dalaivala inali ya galimoto ina yaikulupo, ndipo ndiyo inapanikiza chopondera moto, chimene amakaniko amachitcha akiseleta, moti sichinathe kubwerera. Munthuyu anali katswiri pa chiwongolero, komabe galimoto yachilendo inamukanika. Zoyenera kuchita zikatero n'zochepa ndipo sizitenga nthawi, koma phazi ndi dzanja ziyenera kuzidziwiratu, chifukwa mantha akafika palibenso mpata woganiza.

Choyamba ndi phazi lanu lomwe. Galimoto ikangolumpha mosayembekezereka, chotsani phazi pa chimene mwapondacho, kenaka mupondenso buleki mwadala. Madalaivala ambiri langizo limeneli limawanyansa, chifukwa palibe amene amavomera kuti angasokoneze zopondera ziwiri zimene wakhala akuzigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Komatu pamene eni Audi 5000 ku America anadandaula kuti galimoto zawo zikuthawa zokha, kafukufuku wa mu 1989 wa NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, anapeza kuti kawirikawiri woyendetsa ankaponda moto akuganiza kuti waponda buleki, ndipo galimoto ikamaonjeza liwiro, iye ankalimbikiranso kuponda pomwepo. Izi zimachitika kwambiri poimika galimoto, pobwerera m'mbuyo khosi litapotokera kumbuyo, ndiponso m'galimoto imene munthu sanaizolowere. Kwathu kuno, kumene ambiri amaphunzira pa galimoto ya manyuwo kenaka n'kugula Vitz kapena Sienta ya otomatiki yochokera ku Japan, nkhaniyi si yakutali, pakuti pa otomatiki palibe kilachi yoti ikupulumutseni phazi likasochera.

Mukatsimikiza kuti phazi lili pa buleki, pondani ndi mphamvu zanu zonse, ndi mapazi onse awiri ngati pangafunike kutero, ndipo musasiye kufikira galimoto itaima. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake kuli pawiri. Ena amapopa buleki monga ankachitira pa galimoto zakale, osadziwa kuti pa galimoto zambiri za petulo chimene chimafewetsa buleki chimadalira kukoka kwa mpweya kochokera ku injini, ndipo kukokako kumachepa kwambiri moto ukatseguka wonse. Mphamvu ya kukokako imene imakhala itasungidwa imangokwanira kuponda kangapo kokha, ndipo ikatha, chopondera chimauma ngati mwala, woyendetsa n'kumaganiza kuti mabuleki aduka. Ena amaponda monyengerera kwa mtunda wautali pofuna kungochepetsako liwiro, ndipo potero amatenthetsa mabuleki mpaka kusiya kugwira. Mabuleki abwino ali ndi mphamvu kuposa injini ya galimoto wamba, malinga ngati agwiritsidwa ntchito kamodzi, mwamphamvu, asanatenthe. Galimoto yokhala ndi ABS, chipangizo choletsa matayala kukhomeka pogwira buleki, imanjenjemeretsa phazi mukaponda chotere, ndipo kunjenjemerako si chizindikiro choti musiye.

Phazi lili pa buleki chomwecho, chotsani giya. Pa galimoto ya manyuwo pondani kilachi mpaka pansi, ndipo nthawi yomweyo injini ilekana ndi matayala. Pa otomatiki kankhirani giya pa N, imene imalekanitsa injini ndi matayala. Giyayi pa galimoto zambiri ili pafupi ndi D ndipo imalowa popanda kukanikiza batani la pa chogwirira. Ndi bwino kusalikhudza n'komwe batanilo, chifukwa ndilo limatsegula njira yopita ku R, giya yobwerera m'mbuyo, ndi P, giya yoimikira, ndipo P si buleki ayi, koma kachitsulo kongokola magiya galimoto itaima kale. Giya ikachoka, injini idzalira mochititsa mantha ndipo muvi woonetsa kuzungulira kwake udzafika pofiira. Musabwezere giya chifukwa cha phokosolo. Galimoto zamakono zili ndi chipangizo chodula mafuta injini ikafika pa malire ake, ndipo ngakhale itawonongeka, injini imagulidwa ina.

Mwa zonse, ine ndimaona kuti kuika pa N ndiko kofunika kukuyeserera, chifukwa madalaivala ambiri a otomatiki amatha chaka chathunthu osagwiritsapo ntchito giya imeneyi. Pitani pabwalo lopanda anthu, yendani pang'onopang'ono, kankhirani giya pa N maso ali kutsogolo, imani, ndipo bwerezani kasanu kapena kupitirira mpaka dzanja lizolowere. Mukabwereka kapena kuchita hayala galimoto, yang'anani pamene pali N musananyamuke, makamaka pa galimoto monga Prius, imene kachogwirira kake kamabwerera pakati kokha ndipo kamafuna kuti mukagwire kaye pa N kwa kamphindi.

Pamene zonsezi zikuchitika maso akhale pamsewu. Musawerame kuti mukoke kapeti kapena kukweza chopondera ndi dzanja galimoto ikuyenda, chifukwa pa liwiro la makilomita 100 pa ola galimoto imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Imbani hutala, yatsani mahazadi ngati dzanja lapeza mpata, ndipo patukirani kumbali kwa msewu kumene kulibe oyenda pansi ndi apanjinga. Handibuleki musaikoke mwadzidzidzi pa liwiro lalikulu, popeza imagwira matayala akumbuyo okha ndipo ingazunguze galimoto.

Kuzimitsa injini kubwere pomaliza, galimoto itaima. Injini ikazima muli pa liwiro, chiwongolero chimalemera ndipo buleki imauma, motero mumataya zinthu ziwiri zimene mukuzifunitsitsa. Pokhapokha giya ikakaniratu kuchoka ndi pamene mungazimitse mukuyenda, ndipo mukatero potozani kiyi kamodzi kokha kufika pa ACC, osaifikitsa pa LOCK kapena kuizula, kuopera kuti chiwongolero chingakhomeke. Galimoto zoliza ndi batani zili ndi msampha wakewake, chifukwa kulidina kamodzi galimoto ikuyenda sikuchita kanthu. Pa Toyota ndi Lexus za nthawi ya ngozi ya ku San Diego ija pankafunika kulikanikiza osasiya kwa masekondi atatu, ndipo mitundu ina imazima mukalidina msangamsanga katatu. Buku la galimoto yanu limanena njira yake, ndipo ngati linabwera m'Chijapani, funsani makaniko wodziwa mtunduwo.

Galimoto ya dizilo ili ndi vuto lina losiyana, limene oyendetsa maminibasi, mapikapu ndi malole ayenera kulidziwa. Tebo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, ikatha n'kuyamba kudonthezera oyilo m'njira ya mpweya, injini imatha kuyamba kuyaka ndi oyilo wake womwe, n'kumalira mopenga uku ikufuka utsi wochuluka, ndipo kiyi sathandiza chifukwa imene ikuyakayo si dizilo. Pa manyuwo, imikani galimoto kilachi ili pansi, ikani giya yapamwamba kwambiri, gwirani buleki ndi handibuleki zolimba, kenaka siyani kilachi kuti injini itsamwe. Zikakanika, kapena ngati ndi otomatiki, tsitsani anthu onse ndi kuima patali, pakuti injini yotere imatha kuphulika zitsulo.

Mukaima bwinobwino, musanyengedwe kuti vuto latha chifukwa injini yaliranso mwaulemu mutaiyatsa kachiwiri. Yang'anani kumapazi kaye. Kawirikawiri mudzapeza kapeti yosamangirira imene yakwera pa chopondera, makapeti awiri osanjikizana pofuna kuteteza wapansi ku matope a dzinja, botolo la madzi limene lagubuduzikira kutsogolo, kapena silipasi imene yavuka n'kukodwa. Vuto la kapeti si laling'ono ayi: kumapeto kwa 2009 Toyota inaitanitsa magalimoto pafupifupi 3.8 miliyoni ku America kuti akakonzedwe chifukwa cha makapeti, mu Januwale 2010 inaitanitsanso magalimoto 2.3 miliyoni chifukwa cha zopondera zochedwa kubwerera, ndipo mu 2014 inalipira boma la dzikolo madola 1.2 biliyoni pa mlandu wobisa zimene inkadziwa. Ngati kumapazi kulibe kanthu, vuto lingakhale waya wa akiseleta wothetheka kapena kachitseko kolowetsa mpweya mu injini kamene kadetsedwa n'kumakakamira. Galimoto yotero ikokedwe kupita kugalaja, ndipo mukamfotokozere makaniko liwiro limene munali nalo, giya imene inalimo ndi nyali zilizonse zimene zinayaka pa dashibodi.