Momwe mungapitire ku chikondwerero cha oluka ku Shetland n'kubwerako muli ndi anzanu

Kumpoto kwenikweni kwa Scotland kuli zilumba za Shetland, ndipo chaka chilichonse kumapeto kwa Seputembala mpaka kulowa Okutobala kumasonkhana anthu oluka ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Mwambowu umatchedwa Shetland Wool Week, ndipo unayamba mu 2010. Imeneyi ndi nyengo yomwe masamba amayoyoka ku Britain chisanu chisanafike, ngakhale kuti ku Shetland mitengo yoti iyoyole masambawo ndi yowerengeka. Chochuluka ndi mphepo ndi nkhosa.

Ambiri amaganiza kuti chopitira ndi maphunziro ndi kugula wulu. Izo zilipo. Koma amene mumaluka majuzi, zipewa ndi mashawelo a ana nokhanokha m'nyumba, makamaka inu muli kuno ku Britain, chimene mudzabwere nacho chachikulu ndi anthu. Ndipo anthuwo ali ndi kapezedwe kake.

Yambani ndi chipewa

Chaka chilichonse okonza mwambowu amasankha katswiri woluka, kapena nthawi zina gulu, kuti akhale nkhope ya chikondwererocho, ndipo amatulutsa patani ya chipewa cha chaka chimenecho miyezi ingapo mwambo usanafike. Chotchuka kwambiri chinali cha 2015, chotchedwa Baa-ble Hat, chomwe anakonza Donna Smith, chokhala ndi tinkhosa tondandalika kuzungulira mutu. Pezani patani ya chaka chimene mukupitacho pa intaneti, musankhe mitundu yanu, muluke.

Musadumphe sitepe imeneyi. Chipewacho chili ngati nsalu ya bungwe la amayi kutchalitchi kwathu kuja: mukaiona patali mumadziwa kale kuti uyu ndi wathu. Patani ndi imodzi, koma mitundu aliyense amasankha yake, ndiye munthu wosamudziwa amakuimitsani pamsewu mu Lerwick, likulu la Shetland, n'kuloza kumutu kwanu, n'kufunsa kuti wulu wobiriwirayo munamugula kuti. Macheza ayambika basi. Ngati chipewacho chapotoka pena pake, chivaleni chomwecho. Changa chinathina kwambiri pamzere wa maluwa chifukwa ndinkakoka ulusi wakumbuyo mwamphamvu, ndipo chinandipezera aphunzitsi ambiri kuposa mmene chikanachitira chokongola.

Malukidwe ake kawirikawiri ndi aja a Fair Isle, dzina lochokera ku kachilumba kena pakati pa Shetland ndi zilumba za Orkney. Lamulo lake n'losavuta kunena: mitundu iwiri yokha pamzere uliwonse, ulusi umene simukuugwiritsa ntchito uzidutsa kumbuyo momasuka. Mawu akuti momasuka amenewo ndi amene ine anandigwetsa.

Kenako konzani pogona, msanga

Lerwick ndi tawuni yaing'ono ndipo malo ogona amatha mwachangu. Sungitsani malo mukangodziwa masiku. Matikiti a maphunziro nawo amatha msanga akangotsegulira kugulitsa, choncho lembanitu zomwe mukufuna, ndi zina zapadera ngati zoyambazo zatha. Ochokera kumudzi ndi pasipoti ya Malawi afunika viza ya alendo ya UK. Shetland ndi gawo la Scotland, ilibe viza yakeyake.

Langizo langa n'lakuti musadzaze masiku onse ndi makalasi. Awiri kapena atatu akwana. Wothamanga kuchoka kalasi ina kupita ina amabwerera ndi luso koma wopanda nambala ya foni ya munthu ngakhale mmodzi.

Kwerani sitima ngati m'mimba mwanu muli molimba

Njira zilipo ziwiri: ndege yotera ku Sumburgh, kumwera kwa chilumba chachikulu, kapena sitima ya pamadzi ya NorthLink yonyamuka ku Aberdeen madzulo n'kukafika ku Lerwick m'mawa, ulendo wa maola 12 kapena kuposerapo ikadzera ku Kirkwall, ku Orkney. Nyanja ya kumeneko ikakwiya, mwera wa pa Nyanja ya Malawi umaoneka ngati masewera, ndiye mankhwala oletsa chizungulire akhale m'chikwama. Koma chikondwerero chimayambira m'sitimamo. Mukangoona gulu la zipewa zofanana ndi chanu pakona, singano zikugundana, pitani mukafunse ngati mpandowo uli ndi mwini.

Nyamulani ntchito yosatha

Apa ndiye pagona nkhani. Osapita manja ali lende, komanso osanyamula juzi yovuta yofuna kuwerenga mzere uliwonse. Tengani kanthu kakang'ono koti muziluka uku mukuyankhula: sokosi, sikafu, kachipewa ka mwana. Anthu a ku Shetland ali ndi mawu awo akuti makkin and yakkin, kutanthauza kuluka uku mukucheza, ndipo pamalo okumanira, omwe kawirikawiri amakhala ku Shetland Museum and Archives m'mbali mwa doko, izi ndi zimene zimachitika tsiku lonse.

Ubwino wa singano m'manja ndi wakuti simukakamizika kuyankhula. Mutha kukhala pakati pa anthu khumi osawadziwa, maso ali pantchito yanu, popanda wokuonani ngati wamanyazi. Zili ngati kutong'ola chimanga pakhonde: nkhani zimabwera zokha manja akamagwira ntchito. Wina amadandaula kuti walakwitsa mizere itatu, wina amamubwereka singano, wina amayamba kufotokoza za agogo ake amene anamuphunzitsa. Mukafunsidwa kuti inu munaphunzira kuti, nenani zoona. Ine ndinawauza kuti kwathu tinkamasula juzi yakale ya pakaunjika kuti tipeze wulu, ndipo mayi wina wachikulire pambali panga anaseka n'kunena kuti nawonso kwawo ankachita chimodzimodzi.

Mayi yemweyo ndi amene anandionetsa lamba wolukira. Ndi kachikopa kofufuma, kodzazidwa ndi ubweya wa kumchira kwa kavalo, kobooledwa timabowo, komangidwa m'chiuno. Mumalasa nsonga ya singano yaitali m'kabowo, singanoyo n'kuima yokha, dzanja lamanja n'kumasuka kuponya ulusi. Anandimanga lambayo yekha, n'kundigwira chigongono kuti nditsitse phewa. Ndinagwetsa timfundo tisanu nthawi imodzi. Iye anangotola timfundoto ndi nsonga ya singano osayang'ananso, nkhani ya zidzukulu zake ili m'kamwa. Ndi malamba oterewa amayi akale a kumeneko ankaluka akuyenda, dengu la dothi louma lomwe amasonkhera moto lili kumsana, monga amayi a kwathu amabwera kunkhuni mwana ali kumbuyo.

Dziwani pomwe mwaponda

Kwa inu ndi ine kuluka mwina ndi chisangalatso, koma ku Shetland inali ntchito yodyetsa mabanja, ndipo mbiri yake ili ndi zowawa. M'zaka za m'ma 1800 amalonda ankalipira amayi oluka ndi katundu wa m'sitolo, monga tiyi ndi nsalu, m'malo mwa ndalama, mpaka boma linatumiza ofufuza mu 1872. Ndiye mukafika pamsika wa zolukaluka n'kuona mtengo wa juzi yoluka pamanja, chizolowezi chathu chonenerera chija chisiyeni m'thumba. Ngati ndalama sizikwana, yamikirani ntchitoyo n'kudutsa. Pemphani musanajambule munthu kapena ntchito yake, ndipo patani yogulitsa musaijambule n'kuimwaza pa WhatsApp.

Pitani mukaone mashawelo opyapyala a ku Unst, chilumba cha kumpoto kwenikweni, aja amadutsa m'mphete ya ukwati. Funsaninso za mitundu ya nkhosa zawo, yomwe ili ndi mayina akeake: moorit ndi wofiirira, shaela ndi wotuwa moderako. Mlimi mukamufunsa zimenezi, konzekani kuima nthawi yaitali.

Tulukani m'tawuni

Zochitika zambiri zimakhala m'maholo a m'midzi, ndipo mabasi sabwera pafupipafupi. Uwu ndi mwayi. Funsani pagulu ngati alipo wa galimoto amene akulowera kumeneko, muthandizane ya mafuta. Mukamva kuti kuholo ina kuli tiyi wa Lamlungu, musaphonye: anthu a m'mudzimo amaphika makeke ndi zina, inu mumalipira pang'ono, ndalamazo n'kuthandiza zachitukuko cha komweko. Matebulo ake ndi ataliatali, mumakhala ndi aliyense amene mwamupeza. Mukamaliza kumwa, kunyamula makapu n'kupita nawo kukhitchini sikulakwa.

Pogula wulu

Mu Lerwick muli sitolo ya Jamieson & Smith, omwe amagula ubweya wambiri kwa alimi a pazilumbazi, komanso ya Jamieson's of Shetland, omwe fakitale yawo yopota ulusi ili ku Sandness. Mayina akufanana koma ndi makampani awiri osiyana, musasokoneze. Pitani ndi mnzanu mmodzi mwa amene mwawapeza aja, chifukwa kusankha mitundu isanu yogwirizana pakati pa mashelefu odzaza mpaka kudenga kumazunguza mutu, ndipo diso lachiwiri limathandiza. Gulani wulu wokwanira ntchito yonse nthawi imodzi, muone kuti nambala ya utoto pamapepala ake ndi yofanana, chifukwa mtundu womwewo wonyikidwa tsiku lina umasiyana pang'ono. Siyani malo m'chikwama pochoka kunyumba, ndipo manambala a foni mulembetsane musanakwere sitima yobwerera, poti m'mawa pa doko la Aberdeen aliyense amakhala akuthamangira basi yake.