Kupalasa njinga ulendo wautali m'mapiri aatali

Munthu amene akufuna kudutsa m'mapiri aatali pa njinga yakapalasa ayambe wasintha kawerengedwe ka ulendo wake. Kuchigwa timafunsa kuchuluka kwa makilomita, koma kumapiri funso loyamba ndi lakuti lero ndikwera mamita angati, nanga ndikagona pamalo okwera bwanji. Pamsewu wa Pamir ku Tajikistan, mpata wa Ak-Baital, malo okwera pomwe msewu umadutsa pakati pa mapiri, uli pa mamita 4,655 kuchokera pamlingo wa nyanja, ndipo kumeneko mpweya ndi wopepuka moti kachitunda kooneka konyozeka kamamusiya munthu ali wefuwefu.

Thupi lipatseni nthawi yozolowera. Mukapitirira mamita 3,000, malo ogona asamakwere ndi mamita oposa 500 pa usiku umodzi, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi muzipuma tsiku lathunthu. Mutu ukayamba kuwawa, nseru ndi kusowa tulo n'kubweranso, musapitirize kukwera. Mnzanu akayamba kuyenda dzandidzandi, kulankhula zosokonekera kapena kubanika ali chikhalire, tsikani naye nthawi yomweyo ngakhale kutada, chifukwa matenda obwera kaamba ka kuchepa kwa mpweya pamalo okwera amenewa amapha, ndipo sasankha kuti uyu ndi wamphamvu.

Njinga ikhale ndi magiya ofewa kwambiri. Giya lakutsogolo la mano 22 ndi lakumbuyo la mano 34 kapena 36 limathandiza kukwera ndi katundu popanda kupweteka mawondo, ndipo pakavuta kutsika n'kukankha si chamanyazi. Tengani machubu, zigamba, pampu, masipoko angapo ndi mphira za mabuleki.

Ambiri amaopa chitunda, koma ine mtsetse ndi umene umandidetsa nkhawa. Njinga yolemedwa imathamanga mofulumira, ndipo mukagwira mabuleki osalekeza, limu imatentha mpaka chubu kuphulika. Mabuleki a disc, omwe amagwira kambale kachitsulo pakati pa gudumu m'malo mwa limu, nawonso akatentha amafooka. Muzigwira mwamphamvu kwa kanthawi, kenako n'kutaya, ndipo muchepetse liwiro musanafike pokhota. Pamtsetse wautali muziima kuti mabuleki azizire.

Musanayambe kutsika valani jekete yotchinga mphepo ndi magolovesi, pakuti kutentha kumatsika ndi madigiri a Celsius pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, ndipo zala zikachita dzanzi sizigwira bwino buleki. Nyamukani m'mamawa kuti muwoloke mpata dzuwa lisanapendeke, chifukwa m'mapiri ambiri mphepo ndi mvula ya ziphaliwali zimakonda kubwera masana.