Ulendo wa ku Malaysia pa ndalama za chipereganyu

Ine ndi mng'ono wanga tinasonkha ndalama kwa chaka ndi miyezi iwiri kuti tikapume ku Malaysia masiku 9. Ine ndimasoka zovala kuno ku Chilomoni, iye amaphunzitsa ku pulayimale, ndiye musaganize kuti ndife anthu a ndalama. Amene amabwera ku shopu kudzandifunsa za ulendowu amafulumira kufunsa za hotela ndi nyanja. Ine ndimawabweza kaye: yambani ndi madola.

Tinasankha Malaysia pa chifukwa chimodzi chachikulu. Munthu wa pasipoti ya Malawi amalowa popanda viza n'kukhala mpaka masiku 30, pomwe ku Thailand, komwe mtima wa mng'ono wanga unali, viza imafunika. Pasipoti yanu ikhale yoti yatsala ndi miyezi 6 kapena kupitirira isanathe ntchito. Pakatsala masiku atatu kuti mufike, lembani fomu ya pa intaneti yotchedwa Malaysia Digital Arrival Card. Ndi yaulere, choncho tsamba lililonse lomwe likukuuzani kuti mulipire litsekeni. Potuluka m'ndege khalani ndi tikiti yobwererera ndi pepala la komwe mukagone, zosindikiza, osati za m'foni mokha. Ife anatifunsa zonse ziwiri.

Tsopano madola. Aliyense akukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Ndalama zomwe mwasunga m'makwacha zimatha kusungunuka muli chigonere, ndiye zikangokwana za tikiti, gulani tikiti osadikira kuti zina zikwane. Tikitiyo ndi imenenso akakufunseni kubanki pamodzi ndi pasipoti mukamapempha ndalama zakunja za paulendo. Pemphani kudakali milungu yambiri. Ine ndinapita kubanki kanayi, ulendo uliwonse n'kuuzidwa kuti mubwere Lachisanu, ndipo pomaliza anandipatsa zochepa kuposa zomwe ndinapempha. Zinandipweteka, poti ndalamazo zinali zanga, za thukuta langa. A pamsewu ndinawapewa ngakhale anzanga ankandikakamiza, chifukwa mtengo wawo ndi wokwera komanso mutha kugwidwa nazo. Landirani madola atsopano, osang'ambika ndi osalembedwa. Ringgit, ndalama ya kumeneko, mukasinthira konko: pang'ono pa eyapoti za basi ndi chakudya, zambiri m'tauni momwe amasintha bwino.

Tikiti ndiyo imadya gawo lalikulu la ndalama zonse. Palibe ndege yochoka kuno n'kukatera ku Kuala Lumpur, likulu la Malaysia, mwachindunji. Mumadzera ku Addis Ababa pa Ethiopian Airlines, kapena ku Johannesburg n'kukwera ina. Funsani mtengo wochokera pa Chileka ndi wochokera ku Lilongwe, muwonjezere ya basi ndi malo ogona, muone chotchipa. Mukadzera ku Ethiopia kapena ku Kenya, bayitsani katemera wa yellow fever, mutenge kakhadi kachikasu kaja. Kamayamba kugwira ntchito pakapita masiku 10 mutabayitsa.

Pewani nyengo ya Khrisimasi, Chaka Chatsopano cha anthu a ku China, ndi Hari Raya, yomwe ndi Eid yathu yomweyi, chifukwa mabasi amadzaza ndipo zipinda zimakwera. Zilumba za kum'mawa monga Perhentian ndi Tioman zimakhala ndi mvula ndi mafunde oopsa kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, malo ambiri ogona amatseka. Ife tinangokhala mbali ya kumadzulo.

Mukatera pa KLIA, eyapoti ya Kuala Lumpur, muona sitima ya KLIA Ekspres, yomwe imafika ku KL Sentral, siteshoni yaikulu ya m'tauni, pa mphindi pafupifupi 30 koma imadya ma ringgit 55. Basi imatenga ola limodzi pa mtengo wochepa kwambiri. Tinakwera basi. M'tauni gulani khadi ya Touch 'n Go yolipirira sitima, ndipo ikani Grab, pulogalamu yoitanira galimoto, m'foni m'malo moimitsa matakisi. Galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu, mapulagi a magetsi ndi a mano atatu omwewa, Chingerezi amamva ambiri. Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola 6, ndiye mukamaimbira amayi kunyumba muziwerengera.

Chipinda tinapeza chaching'ono pafupi ndi Petaling Street, cha mabedi awiri. Funsani ngati chili ndi zenera, poti zotchipa zambiri zilibe, komanso chikhale ndi makina oziziritsa. Kutentha kwake kuli ngati kwa ku Nchalo mu Okutobala, koma konyowa, malaya amamatirira pamsana mutangosamba kumene. Alendo amalipiranso msonkho wa ma ringgit 10 pa chipinda usiku uliwonse, muuwerengere.

Pa chakudya ndi pomwe Malaysia imakomera munthu wosauka. Musadye m'hotela. Pezani malo omwe amati mamak, a amwenye achisilamu, pomwe anthu amadya pa mipando ya pulasitiki mpaka usiku. M'mawa uliwonse ndinkaima kuonerera bambo wina akupanga roti canai: amatenga kampira ka ufa wokanda, kukamenya pa tebulo lachitsulo, kukazunguza m'mwamba mpaka kupyapyala ngati nsalu ya neti, n'kukapinda pa chiwaya. Amakupatsani ndi msuzi wa mphodza pa ma ringgit awiri kapena atatu. Tiyi wake, teh tarik, amamutsanula kuchokera m'mwamba kuchoka m'kapu ina kupita m'inzake mpaka kuchita thovu. Nasi lemak ndi mpunga wophikira mkaka wa kokonati, pambali pali mtedza wokazinga, dzira, nkhaka ndi tinsomba touma tofanana ndi bonya. Tsabola wake ndi wowawa ngati kambuzi, yambani pang'ono. Nsima iwalani kaye. Mowa ndi wodula.

Malo ambiri okaona ndi aulere. Nsanja ziwiri za Petronas, za nyumba 88 kupita m'mwamba, zimaoneka bwino muli pansi m'paki ya KLCC madzulo, osalipira zokwera. Ku Batu Caves mumafika pa sitima ya KTM Komuter, n'kukwera masitepe 272 opakidwa utoto kukalowa m'phanga lomwe ndi kachisi wa Ahindu. Pitani m'mamawa dzuwa lisanakwere, valani zofika pansi pa mawondo, ndipo chakudya chibisike m'chikwama chifukwa anyani ake amalanda m'manja. Chitenje chinandithandiza pamenepo komanso m'mizikiti.

Masiku awiri tinakakhala ku Melaka, ulendo wa maola awiri pa basi yochokera pa TBS, depoti yaikulu ya mabasi ku Kuala Lumpur. Ndi mzinda wakale womwe unalamulidwapo ndi Apwitikizi, Adatchi ndi Angerezi, ndipo mumauzungulira wapansi. Monga telala, ine ndinatha theka la tsiku m'mashopu a nsalu za batik, kumagwira, kumatembenuza kuti ndione ngati utoto wadutsa mbali zonse. Ndinagula zidutswa zisanu ndi ndalama zomwe tinapulumutsa pa basi ndi pa chakudya.

Chinthu chimodzi musachite ngakhale atakupemphani wachibale: kunyamula katundu wa munthu wina yemwe simunamutsegule nokha. Malamulo a Malaysia pa mankhwala ozunguza bongo amafika mpaka pa chilango cha imfa. Ndipo m'thumba lina, losiyana ndi la pasipoti, bisani madola oti musawakhudze mpaka mutateranso pa Chileka.